Galu wa Mnzanga Uja

A Dalaivala anapuma ntchito yoyendetsa mabasi kalekale, koma dzinalo linawakanirira, moti ngakhale galu wawo anamutcha Kondakitala kuti ntchito isaiwalike pakhomo. M'mawa wina anamukweza galuyo kumbuyo kwa galimoto n'kupita naye kuchipatala cha ziweto, kumene dokotala wake anali mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wachisamba.

Mkamwiniyo anali munthu wabwino, waulemu, wodziwa ntchito yake, koma mawu ankawatenga monga momwe atulukira pakamwa. Mkazi wake anamuuzapo tsiku lina kuti amuyang'anireko mphika pamoto, iye n'kuuyang'anadi mpaka unapserera. A Dalaivala ankamukonda, komabe ankati kucheza naye kuli ngati kuyendetsa basi yopanda giya yobwerera m'mbuyo: ukakhota molakwika, upita nayo mpaka kumathero kwa msewu.

Ulendowu iwo sanaufune. Anawakakamiza ndi akazi awo, amene anapeza timadontho ta magazi pakhonde pomwe galuyo ankagona. A Dalaivala anali atadziwa kale kuti zinthu sizili bwino, chifukwa kwa miyezi ingapo iwo ndi galuyo ankadwala matenda ofanana, ndipo pa awiriwo panalibe amene anauzako munthu. Galuyo sananene chifukwa salankhula. Iwo sananene chifukwa cha achimwene awo, amene anapita kuchipatala ndi vuto lomwelo, anabwerako ndi kapaipi ndi kathumba kobisa m'buluku, ndipo sanakhalitse. Kuchokera pamenepo a Dalaivala ankati matenda a kumeneko ndi ofa nawo mwakachetechete. Munthu amene kale ankakana kuimitsa basi anthu akapempha kukataya madzi, n'kumawauza kuti wamkulu amapirira, tsopano ankadziwa kuseri kulikonse pakati pa nyumba yake ndi msika.

Mkamwini anawalandira ndi manja awiri, anafunsa za amayi, kenako anakweza galuyo pasikelo ndi patebulo lachitsulo. M'chipindamo munkanunkha mankhwala okolopera. Pashelefu panali kakhola ka mphaka wogona, ndipo pakona panali sinki ya mpopi wodontha, to, to, to. A Dalaivala atangoumva mpopiwo anapingasa miyendo.

"Wayamba liti, bambo?" anafunsa dokotalayo.

"Ndani?"

"Kondakitala."

"Aa, ameneyu. Sakudwala ameneyu. Ndi ukalamba chabe. Amayi anuwo akungokuza nkhani."

Mkamwini anayankha kuti ukalamba si matenda, ndipo magazi sabwera chifukwa cha zaka. Anafunsa ngati galuyo amapita pafupipafupi ndi momwe mkodzo umatulukira. A Dalaivala anayamba moumira, mawu awiri atatu, koma pakamwa panatseguka pokha. Anati amapita kawirikawiri, makamaka kukada. Akafika pamalopo amaima nthawi yaitali ngati munthu wodikira basi yochedwa. Zikayamba zimabwera mwa apo ndi apo, zimadukiza, n'kuyambanso, ndipo akamaliza amamva ngati sanamalize.

"Amamva?"

"Amaoneka ngati akumva. Ndipo kumapeto kwake zimawotcha."

Dokotala anakweza mutu. "Mwadziwa bwanji kuti zimawotcha?"

"Nkhope yake. Galu ndakhala naye zaka zonsezi, ndingalephere kuwerenga nkhope yake?"

Mkamwini anawerama n'kuyang'anitsitsa nkhope ya galuyo, galuyo n'kumunyambita mphuno. Atadzipukuta ananena moona mtima kuti pa eni agalu onse amene amabwera pamenepo, sanaonepo wina wopenyetsetsa chiweto chake ngati apongozi ake. Chiyamikirocho chinawalowa a Dalaivala, ndipo anawonjezera monyadira kuti mankhwala anayamba kale okha: dzuwa likapendeka, madzi salowanso pakamwa.

"Ngakhale tiyi wamadzulo tinasiya."

"Mumamupatsa tiyi?"

"Ndikunena madzi. Lilime laterereka."

Dokotala anapukusa mutu. Anati kumumana madzi ndi kuthira mafuta pamoto, chifukwa madzi ndiwo amatsuka chikhodzodzo, ndipo mkodzo ukakhalitsa m'kati tizilombo timachulukana, nthawi zina mpaka kupanga timiyala. Galu wotere azikhala ndi mbale ya madzi pafupi usana ndi usiku. A Dalaivala anameza malovu, n'kuzindikira kuti kukhosi kwawo kunali gwaa kuyambira dzulo.

Kenako panafunika mkodzo woti ayeze. Anatuluka naye galuyo kubwalo, mkamwini akumutsata pambuyo chowerama ndi kambale kachitsulo. Kondakitala ananunkhiza mpanda, ananunkhiza mtengo, pomaliza anasankha tayala la galimoto ya mbuye wake. Anakweza mwendo, anachima, anadikira. A Dalaivala anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Pamene timadontho tinayamba kulira m'kambale muja, anapirira pang'ono, kenako anati akufuna akaone ngati anakhoma galimoto.

"Galimoto ndi iyi, bambo. Mwaitsamira."

"Ndikunena makiyi. Ndawasiya m'kati."

"Ali m'manja mwanu."

"Apongozi, chimbudzi chanu chili mbali iti?" anafunsa a Dalaivala.

Anakhalitsa kumeneko, ndipo chimene anapitira sichinatheke kwenikweni. Pobwerako anapeza mkamwini ataviika kapepala m'mkodzo muja, mkodzo wina atauika pa makina oonera tizilombo, galu ali patebulo. Ndiyeno anamuona akuvala golovesi, n'kupaka mafuta chala chimodzi.

"Chalacho chikupita kuti?"

"Kumbuyo, bambo. Pansi pa mchira."

"Matenda ali kutsogolo."

"Inde, koma pofikira pake ndi kumbuyo."

"Basi ikamadontha mafuta kutsogolo, makanika satsegula buti."

"Galu si basi, bambo. Tamugwirani mutu."

Anamugwira mutu. Anaika tsaya lawo pa khutu la galuyo n'kumunong'oneza kuti alimbe mtima, chaona mnzako chapita. Kondakitala anatuzula maso kamodzi, anameza, kenako anangokhala duu ngati munthu woti wavomereza kuti dziko ndi lotere. Zitatha, a Dalaivala anapezeka kuti aima msana atauphatikiza kukhoma, osadziwa kuti afikapo bwanji.

Mkamwini anameta ubweya pang'ono pamimba pa galuyo, anapakapo mafuta ozizira n'kuyendetsa kamakina kounikira m'kati. Anawaonetsa apongozi ake chithunzi chotuwa chimene kwa iwo chinkangooneka ngati mvula. Anati nkhani yabwino ndi yakuti miyala mulibe, impso zili bwino. M'chikhodzodzo muli tizilombo, ndipo timeneto tiphedwa ndi mapiritsi. Koma gwero lake lili pena. Agalu aamuna ali ndi kachiwalo kotchedwa pulositeti, kamene kamazinga njira ya mkodzo pakhosi pa chikhodzodzo. Akamakalamba kachiwaloko kamakula, ndipo mwa Kondakitala kakula kwambiri. Ndiko kakudontha magazi, ndiko kakusunga tizilombo. Mapiritsi akatha matendawo adzabweranso, pokhapokha atachotsa chimene chikukadyetsa.

"Ndiye kuti tikuyenera kumuthena," anamaliza choncho, akusamba m'manja.

"Kumutani?"

"Kumuthena, bambo. Kumufula."

"Mawuwo ndawamva. Ndimafuna ndione ngati muwabwereza pamaso pa apongozi anu."

Mkamwini anaganiza kuti sanamveke bwino, choncho anafotokoza mofatsa, akuonetsa ndi manja. Anati ndi ntchito yaing'ono, galu amagonekedwa tulo, podzuka zonse zatha, ndipo pakapita masabata angapo kachiwalo kaja kamafota kokha. Ambiri amanenepako pang'ono, amasiya kuyendayenda, amakhala pakhomo. Eni ake, makamaka amayi, amayamikira kwambiri. Mankhwala ochepetsa kutupako alipo, koma ukasiya kupereka kumabwerera, ndiye njira yodalirika ndi mpeni.

A Dalaivala anakhala pampando pang'onopang'ono, chipewa atachiika pamiyendo. M'mutu mwawo munali phokoso ngati la pa depoti. Ndiye kuti achimwene aja anawachitanso zimenezi, osauza munthu? Anayang'ana galu wawo, galu anawayang'ana. Anafuna kudzuka n'kumapita, koma pansi pa mchombo panali polemera ngati ameza mwala, ndipo anadziwa kuti mwayi wofunsa munthu wodziwa popanda kudziulula sudzabweranso. Anakhosomola.

"Pali mnzanga wina, tinkagwira limodzi ntchito. Nayenso ali ndi galu."

"Wamwamuna?"

"Kwambiri."

Anati galu wa mnzawoyo ali ndi vuto ngati lomweli, ndipo mnzawoyo anawatuma kuti afunseko ngati pali timapiritsi togula mwakachetechete, popanda kumunyamula galuyo. Mkamwini anati sangapereke mankhwala kwa chiweto chimene sanachione, koma akhoza kumva nkhani yake. Anafunsa mtundu. A Dalaivala anati ndi galu wamba, wakuda, wa imvi pang'ono apa ndi apa. Anagwira m'mbali mwa mutu wawo, kenako anatsitsa dzanja msanga.

"Amalemera bwanji?"

"Tinene kuti ngati ineyo."

Dokotala anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, n'kuimba kaluzu pang'ono. Anati galu wotere sanamuonepo chiyambire ntchito, ndipo mwiniwakeyo akumupha ndi chakudya. Choyamba amuchepetsere mbale.

"Sikunenepa. Ndi mafupa akuluakulu."

"Eni agalu onse amatero, bambo. Anathenedwa?"

"Ayi ndithu. Ali ndi ana, ndi zidzukulu zomwe."

"Ndiye wabereka zokwanira. Palibe chimene angataye."

A Dalaivala anafinya chipewa. Anati galu ameneyo ndi wolemekezeka pamalo pomwe amakhala, anthu amamupatsa moni, ndipo sangayende pamsewu zitamuchitikira zoterozo. Mkamwini anawatsimikizira kuti agalu sasekana pa nkhani imeneyi, amene amavutika maganizo ndi mwiniwake basi, ndipo kawirikawiri mwiniwake wamwamuna. Anapitiriza mafunso ake.

"Pokodza amakweza mwendo kapena amanjuta?"

"Amangoima, dzanja limodzi kukhoma."

"Dzanja?"

"Mwendo wakutsogolo."

"Zachilendo. Mwina msana ukumupwetekanso. Amadzinyambita pamalopo?"

"Apongozi."

"Ndi funso la ntchito, bambo. Ambiri amatero kukamawotcha."

"Sadzinyambita. Analeredwa bwino."

"Amaluma?"

"Mafunso akapitirira chonchi, akhoza kuyamba."

Mkamwini anagwedeza mutu ngati wamva chinthu chothandiza, n'kunena kuti agalu okalamba ululu umawapsetsa mtima msanga. Kenako anafunsa kuti galuyo anakodza bwinobwino liti komaliza. A Dalaivala anafuna kunama, koma mpopi uja unali ukudonthabe ndipo bodza silinabwere. Anati dzulo masana. Chiyambire m'mawa uno ndi timadontho chabe, ndipo pansi pa mimba pauma.

"Mwamuona m'mawa uno?"

"Ndinadzera konko."

Nkhope ya dokotala inasintha. Anapita pashelefu n'kutembenuza kakhola kaja kuti apongozi ake aone bwino. Munali mphaka wamphongo wotuwa, atamuveka chinthu ngati mbale m'khosi, kapaipi kakang'ono kakuchokera pansi pa mchira kupita m'kathumba. Anati mphakayo anabwera naye dzulo ali lende. Mwini wake ankamuona akulowalowa pamchenga, akuchima, akulira, n'kumaganiza kuti wadzimbidwa, pomwe njira ya mkodzo inali itatsekeka ndi timchenga ta m'chikhodzodzo. Mkodzo ukasowa potulukira umabwerera ku impso, magazi amaipa, mtima umafooka. Mphaka wotere sadikira sabata. Uyu anapulumuka chifukwa mwini wake anasiya kuganizira n'kuthamanga naye.

"Galu wa mnzanuyo akulowera komweko," anatero. "Tipite pompano."

Sanadikire yankho. Anatsegula kabati n'kuyamba kulongedza m'chikwama: magolovesi, mafuta aja, jakisoni wogonetsa, ndi kapaipi katali kokulungidwa m'pepala. Anasankha chomangira pakamwa chachikulu kuposa zonse, anachiyang'ana mokayika, n'kunena kuti mwina chichepa koma ayesa. A Dalaivala maso awo anali pa kapaipi kaja.

Anati mnzawoyo amakhala kutali. Mkamwini anati galimoto ili ndi mafuta. Anati msewu wake ndi woipa. Mkamwini anati akuyenda ndi dalaivala wodziwa misewu yonse. Anati mnzawoyo sakonda alendo, ndipo mwina wachokapo. Mkamwini anati safuna mnzawoyo, akufuna galu.

"Galuyo amaopa madokotala," anatero a Dalaivala, mawu atatsika. "Achimwene ake anapita kuchipatala ndi matenda omwewa. Anawaika kapaipi ngati kameneko. Sanachedwe kufa."

"Anapita atadwala nthawi yaitali bwanji?"

A Dalaivala anaganiza. Anakumbukira achimwene awo akutuluka pakati pa macheza aliwonse, chaka ndi chaka, akumati akukaona mphepo kunja.

"Zaka," anatero.

"Ndiye sikapaipi kanamupha, bambo. Kapaipi kanabwera kudzathandiza, kanapeza mochedwa. Ziweto zambiri zimene zimafera patebulo ili zimakhala kuti zinayamba kufera kunyumba, eni ake akudikira kuti ziona zokha."

Ananena zimenezi mopanda kukometsera, akutseka zipi ya chikwama, osadziwa kuti mawuwo agwera pati. Mkamwini poona kuti apongozi ake sakudzuka, anatulutsa foni n'kunena kuti aimbira amayi kunyumba, poti iwo amawadziwa anzawo onse a bambo, anena komwe kuli galu wamkulu chonchi. Chala chinali chitafika kale pa dzina lawo pamene a Dalaivala anadumpha pampando n'kumugwira dzanja.

"Ikani foniyo pansi, apongozi. Galu ameneyo ali ndi mkamwini."

"Agalu sakhala ndi akamwini, bambo."

"Uyu ali naye. Dokotala wa ziweto. Mutu wabwino, koma makutu anawaiwala kusukulu."

Mkamwini anayang'ana imvi za apongozi ake, apa ndi apa. Anayang'ana mimba yawo, miyendo yopingasa ija, kenako chomangira pakamwa chimene chinali m'dzanja lake. Pang'onopang'ono anachibisa kumbuyo.

"Bambo," anatero, "ndakufunsani ngati mumadzinyambita."

"Mwandifunsa."

"Ndanenanso kuti akuchepetsereni mbale."

"Zimenezo zisakafike kwa amayi anu."

Mkamwini anafuna kugwada, a Dalaivala anamukoka phewa kuti asawonjezere manyazi pa manyazi. Anakhala moyang'anana, mmodzi pampando, wina pa sitepe yokwerera patebulo, galu ali pakati pawo akugwedeza mchira kwa onse awiri. Atapeza mpweya, mkamwini anayamba ndi kunena kuti iye si dokotala wa anthu ndipo sangawapatse ngakhale piritsi limodzi la m'kabati mwake. Koma chimene akudziwa ndi chakuti vutoli ndi la amuna ambiri akamakula, ndipo madokotala a anthu amaliona tsiku lililonse. Adzayeza mkodzo ndi magazi, mwina adzaunika m'mimba ngati momwe waunikira Kondakitala. Ngati njira yatsekeka adzaika kapaipi kuti chikhodzodzo chipume, ndipo kwa ambiri kamachoka pakapita masiku. Chimene sichingadikire ndi kupitako, lero lomwe, dzuwa lisanapendeke.

"Nanga chala?"

"Chala chiliko, bambo. Sindingakunamizeni."

A Dalaivala anatseka maso. Anaganiza za Kondakitala, momwe anatuzulira maso kamodzi n'kupirira, ndipo anaona kuti chimene galu wakwanitsa, munthu woti anayendetsapo basi yodzaza mabuleki atafa sangachithawe. Koma funso lenileni linali lisanafunsidwe. Linawazungulira m'kamwa kangapo lisanatuluke.

"Nanga mpeni uja?"

"Uti?"

"Apongozi, musandipangitse kuutchula."

"Oo. Ayi, bambo. Anthu sawachita ngati agalu. Kawirikawiri ayi."

"Kawirikawiri?"

"Sindinganene kuti sizichitika n'kamodzi komwe, lingakhale bodza. Pali matenda ena aakulu, akafika patali..."

"Inu, pa moyo wanu wonse, simunganameko kamodzi kuti munthu wamkulu apume?"

Mkamwini anaganiza mozama, ngati akufufuza m'matumba onse, ndipo anapeza chinthu choona chimene akanatha kupereka. Anati pa kutupa wamba kwa ukalamba, kumene ndiko kofala, munthu sathenedwa. Amapatsidwa mapiritsi omasula njirayo ndi ena ofotetsa kachiwaloko, ndipo zikakanika madokotala amapala m'kati mwa njiramo, zina zonse n'kuzisiya pamalo pake.

"Zonse?"

"Zonse, bambo."

"Mukunena zoona?"

"Ine ndimanena zoona zokhazokha. Ndi chimene mwana wanu amadandaula nacho."

A Dalaivala anatulutsa mpweya wautali umene anausunga kwa miyezi. Mapewa anatsika, chipewa anachiwongola n'kuchivala. Anapempha madzi akumwa, koma mkamwini anati ayambe aonedwa kaye, poti chikhodzodzo chodzaza sachiwonjezera katundu. Iwo anadandaula kuti dokotala yemweyo wangonena kumene kuti madzi ndi mankhwala, iye n'kuyankha kuti ananena za galu amene njira yake ndi yotseguka. Anavula chovala chake choyera, anakauza mayi wa pakhomo lolandirira anthu kuti odwala ena awaone dokotala mnzake, n'kutenga makiyi m'manja mwa apongozi ake. Kwa nthawi yoyamba chipumire ntchito, a Dalaivala analola munthu wina kuwayendetsa osatsutsa. Anangopempha kuti amayi asauzidwe mpaka abwereko. Mkamwini anati sawaimbira, koma akamufunsa anena. A Dalaivala anati ndi bwino, adzawauza okha, kusiyana n'kuti nkhaniyo ikafike kunyumba ndi zithunzi zojambula ndi manja.

Atafika pachitseko, mkamwini anaima n'kutembenukira kwa galu uja, amene anali atamutsitsa patebulo ndipo ankanunkhiza mwendo wa sinki. Anati Kondakitala atsala pompo, amuyambitsa mapiritsi ndipo amupatsa madzi ambiri. Za nkhani ina ija, tsopano wamvetsa chifukwa chake inawapweteka mtima apongozi ake, ndipo sawakakamiza. Akhoza kuyesa kaye mankhwala ochepetsa kutupa, n'kumaona mwezi ndi mwezi, galuyo akhale monga analengedwera.

A Dalaivala anamuyang'ana mnzawo wa m'mavuto, amene anawayang'ananso ndi maso okhulupirira, mchira ukugunda kabati. Anakonza kolala ya malaya awo.

"Ameneyo mutheneni basi," anatero. "Galu wamkulu ngati ameneyu, kuopa kampeni kakang'onong'ono. Alibe manyazi?"